Andikaniza Chithunzi cha Diso Langa Lomwe

Chithunzi cha diso langa andikaniza. Diso langa ine, lobadwa nalo ku Ntcheu, lomwe ndinadutsa nalo pa Mwanza ndi pa Beitbridge popanda wondifunsa msonkho, lero ati ndi katundu wa sitolo ina ya magalasi ku Rosebank. Abale anga a ku Joni kuno, werengani bwino, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Dzina langa ndine Lakisoni. Ndili ndi zaka 54 koma pantchito ndikadali gadeni boyi. Matenda a shuga ndakhala nawo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndimadzibaya ndekha jakisoni m'mawa uliwonse. Diso lamanzere linalowa nkhungu chaka chatha, silinatulukemo. Latsala lamanja. Ndi limeneli limadyetsa mayi a kunyumba, ndi limeneli limalipira kachipinda kanga ku Cosmo City, ndiponso ndi limeneli ndimati ndikaonere mdzukulu wanga woyamba pa Khirisimasi, poti mwana wanga Esinati anali woyembekezera.

Mwezi uno diso lamanjalo layamba kuonetsa tiulusi takuda tosambira. Tsiku lina ndinazula mbande zonse za maluwa zimene madamu anagula, n'kusiya udzu uli pamzere bwinobwino. Udzuwo ndinauthiriranso madzi, ndi mtima wonse. Madamu sanakalipe. Anangoti ndikayezetse maso ndipo ndiwabweretsere pepala. Amene munagwirapo ntchito m'mayadi mukudziwa kuti bwana akasiya kukalipa n'kuyamba kufunsa pepala, zinthu zafika pati.

Nesi wa kukiliniki ya boma, komwe ndimatenga mankhwala a shuga, anali atandiuza kale kuti mzere wa dokotala wa maso ndi wa miyezi. Koma anati ukabwera ndi kalata ndi chithunzi choonetsa kuti diso lili pangozi, amakulowetsa msanga. Ndiye Lachiwiri sabata yatha ndinapita kusitolo ya magalasi ija, chifukwa pawindo pawo analembapo kuti kuyeza maso ndi ULERE. Zilembo za mawu amenewo ndi zazitali ngati chitseko, moti ngakhale diso langa lakufa linaziona. Pansi pake pali timizere tina ting'onoting'ono. Timeneto analembera anthu a maso abwino, omwe safuna magalasi.

Ndinafika 8:40. Pa desiki panali mtsikana wa zikhadabo zazitali zobiriwira. Ndinamupatsa moni. Iye anayankha kuti, "Medical aid?"

Ndinati ndilibe, ndili ndi Mulungu basi. Anati kompyuta yawo imeneyo siilandira. Kenako anandikankhira fomu ya masamba atatu, zilembo zake ngati mazira a nsabwe. Tandiuzani, abale. Munthu wabwera chifukwa sakuona, inu mukumupatsa mayeso owerenga? Kuchipatala cha miyendo amayamba akuthamangitsani kaye? Ndinamupempha kuti andiwerengere. Anati, "Askies, pepani baba, sitiloledwa." Anandilozera ndi chikhadabo pomwe ndisaine, ine n'kusaina.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekha. Anthu atatu a makadi a medical aid anabwera pambuyo panga, analowa patsogolo panga, ndipo aliyense anafunsidwa ngati akufuna khofi wa mkaka kapena wopanda mkaka. Ine sanandifunse ngakhale ngati ndili moyo.

Itakwana 10:30 manja anayamba kunjenjemera. Jakisoni ndinali nditabaya 6 koloko, ndipo shuga ikatsika siyembekeza mzere. Ndinatulutsa buledi m'thumba. Mlonda anati m'sitolo sadyeramo, ndikadyere panja. Mtsikana uja anawonjezera kuti ndikatuluka, dzina langa libwerera kumapeto. Pa desiki panali mbale yagalasi yodzaza masiwiti. Nditatambasula dzanja, anaikokera kwa iye n'kunena kuti amenewo ndi a makasitomala omwe agula kale. Ndinadikira foni yake ilire. Ndinaba masiwiti awiri. Ndikuvomera pagulu pano, ndipo apolisi akafuna andipeza ku Cosmo City, chitseko cha buluu kuseri kwa nyumba ya eni ake.

Anandiitana 10:55. Woyeza maso anali mayi wachitsikana, waulemu, ndipo iyeyu sindimunenera zoipa. Anandionetsa zilembo pakhoma. Lamanzere silinaone ngakhale khomalo. Lamanja linawerenga mizere itatu n'kugonja. Ulere unathera pomwepo, mphindi zinayi. Anati popeza ndine wa shuga, pafunika kujambula kumbuyo kwa diso, ndipo ndi R380. Imeneyo inali ndalama ya teksi ndi ndiwo mpaka kutha kwa mwezi. Ndinapereka, chifukwa chithunzicho n'chimene ndinadzera.

Anandidonthezera mankhwala otsegula maso, n'kundichenjeza kuti ndiona mbuu kwa maola angapo. Patapita mphindi makumi awiri ndinaika chibwano pamakina. Kunang'anima kuwala. Mayi uja anayang'ana pakompyuta nthawi yaitali. Kenako anati, "Baba, timitsempha ta kumbuyo kwa diso lamanjali tikuchucha magazi. Magalasi sangakuthandizeni. Mukufunika dokotala wamkulu wa maso pasanathe milungu iwiri kapena itatu. Osati miyezi, baba. Mukachedwa likhala ngati linzake."

Ndinachita mantha, sindibisa. Ananditembenuzira kompyuta kuti ndione, koma ndi mankhwala aja ndinangoona chinthu chozungulira chofiirira ngati lalanje. Anati kalata alemba pompano, ndikatenge pamodzi ndi chithunzi kutsogolo.

Kutsogoloko ndinapeza bwana manejala akundidikira, bambo wonunkhira perefyumu kuyambira pakhomo. Anandigwira paphewa n'kunditcha "my brother". Munthu wa taye akakutcha m'bale wake mu Joni muno, gwira thumba. Anati ali ndi nkhani yabwino: chithunzi ndi kalata n'zaulere, bola ndigule phukusi. Phukusi lotsika mtengo ndi magalasi a R2,900.

Ndinamuuza kuti dokotala wake yemwe wanena kuti magalasi sangandithandize. Anati eya, koma awa ndi apadera, amateteza maso ku kuwala kwa kompyuta. Kompyuta! Ine wogwira payipi yamadzi ndi sizasi yodulira mpanda! Kapena manyowa a masiku ano akutulutsa kuwala?

Ndinati magalasi akhale, andipatse chithunzi chomwe ndalipira. Anaseka mwaulemu. Anati R380 inali yojambulira, osati yotengera. Kwathu ku Ntcheu ukalipira wojambula, chithunzi amakupatsa, ngakhale utatuluka utatsinzina. Kuno ayi. Anatulutsa fomu ija n'kundiwerengera tsamba lachitatu, pomwe akuti ndinavomera ndekha kuti zithunzi zonse ndi katundu wa kampani. Taonani, kuwerengera munthu fomu kumaloledwa ndithu, koma akasaina kaye.

Kalata ndi chithunzi popanda phukusi, anati ndi R450. M'thumba ndinali ndi R46. Apo anandibweretsera pepala lina loti magalasi aja ndizilipira pang'onopang'ono, n'kundipatsa cholembera chake chenicheni. Maso ali chitsegukire ndi mankhwala awo, dzanja langa lomwe sindikuliona, ndiye nthawi yabwino yosainira imeneyo? Ndani anakuphunzitsani malonda otere? Ali moyo?

Ndinakana. Ndinapempha kupita kuchimbudzi, koma ndinakhotera kuchipinda choyezera chija. Chitseko chinali chotsegula, mayi uja atatuluka ndi wodwala wina. Kompyuta inali ikuwala patebulo. Ndinatulutsa foni yanga n'kujambula katatu, kuti china chikalakwika china chikhoze. Ndinatuluka m'sitolomo chifuwa chili patsogolo. Mumtima ndinkati, mwana wa ku Ntcheu simungamudyere masuku pamutu.

Panja inali 12:30. Amene sanadonthezedwepo mankhwala amenewa sadziwa dzuwa la Joni. Misozi inkangoyenderera, msewu wonse uli mbee. Ndinaima m'mphepete n'kukweza chala m'mwamba, chizindikiro cha teksi yopita m'tauni. Minibasi yoyera inaima. Ndinalimbana ndi chitseko, osatseguka. Dalaivala anatsitsa galasi n'kunena kuti, "Hawu, madala, nthawi yanu sinakwane." Inali galimoto ya kampani yoika maliro. Nditamufotokozera, anandimvera chisoni, anandiwolotsa msewu, kenako anandipatsa kapepala ka inshuwalansi yotumizira mtembo kumudzi. Tsiku lonse limenelo, pepala lomwe ndinalandira ulere ndi limenelo.

M'mawa mwake ndinalawirira kuchipatala chachikulu cha boma. Ndinafika kwa nesi wa maso 1:15 masana, mayi wachikulire wotopa koma wamtima. Anafunsa kalata. Ndinati kalata ndilibe, koma ndili ndi choposa kalata. Ndinamupatsa foni monyadira.

Anayang'ana. Anakulitsa ndi zala. Anapita pa chachiwiri, n'kupita pa chachitatu. Anaitana mnzake, onse awiri n'kuyamba kuseka. Atandiyang'ana kumaso, kuseka kunatha.

"Baba," anatero, "apa pali mzungu wamkazi akumwetulira, wavala magalasi ofiira. Pansi alemba kuti gulani awiri, achitatu ndi aulere."

Kompyuta ija ikakhala osaigwira imayamba kuonetsa malonda. Ine ndinajambula malonda. Katatu.

Ndinachita manyazi omwe sindinachitepo chibadwire. Ndinamuuza nesiyo mawu onse a woyeza maso uja, za magazi, za milungu iwiri kapena itatu. Anati akundikhulupirira, koma benchi yonseyo ndi ya anthu omwe akunena zoona, ndipo dokotala amasankha poona pepala. Anandilembera tsiku la miyezi isanu ndi iwiri kutsogolo. Analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndithe kuwerenga, Mulungu amudalitse. Anati ndikabwera ndi kalata ndi chithunzi chenicheni, andilowetsa sabata yomweyo.

Ndikudziwa ena muti, a Lakisoni, bwanji osangolipira R450 ija? Ndinalipeza yankho limenelo musanandifunse. Ndinagulitsa njinga yanga, ndipo Lachisanu 9 koloko ndinali pa desiki ndalama ili m'manja. Mtsikana wa zikhadabo anagogoda pakompyuta n'kunena kuti fayilo ya munthu amene sanagule kanthu imatsekeka pakatha masiku awiri. Kuti itsegulidwe, ndiyenera kujambulitsanso. R380 ina, kuwonjezera pa R450. Ndinafunsa ngati chithunzi changa chafufutidwa. Anati ayi, chilipo, akuchiona pomwepo. Ndinamupempha angotembenuza kompyutayo ndijambule ndi foni. Anati sitiloledwa.

Ndinafunsa za mayi woyeza maso uja. Anati anamutumiza kunthambi ina. Ndinafunsa za "my brother". Anati ali pamsonkhano. Perefyumu yake ndinkaimva kuseri kwa chitseko. Lolemba ndinapitanso, msonkhano unali usanathe. Ukhala msonkhano wofunika kwambiri umenewo, mwina akukambirana za mtengo wa masiwiti awiri aja.

Madamu nawo akufunsa pepala tsiku lililonse. Ndinawafotokozera zonse. Anati n'zomvetsa chisoni kwambiri, ndipo malipiro ndi pakutha pa mwezi monga mwa nthawi zonse. Kutha kwa mwezi kuli kutali kuposa milungu yomwe diso langa linapatsidwa. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi.

Tsono ndikufunsa inu a sitolo ya magalasi, ndipo ndikufuna mayankho. Kodi chithunzi cha magazi a m'diso mwanga mukuchisungira chiyani? Muchipachika pakhoma? Muchigulitsa kwa ndani? Kodi munthu amene mwamuuza ndi pakamwa panu kuti achita khungu, mumagona bwanji mutamutsekera kalata yake m'kabati? Ngati lamulo lanu likuti diso langa ndi katundu wa kampani, bwanji kampaniyo sikulipititsa kuchipatala katundu wake asanawonongeke?

Inu abale a shuga, ndipo tilipo ambiri kuno ngakhale timabisa, musadikire tiulusi takuda ngati ine. Mukamapita koyezetsa, tengani munthu wa maso awiri. Asawerenge zilembo zikuluzikulu, awerenge ting'onoting'ono. Musasaine kanthu asanakudonthezereni mankhwala, ndipo atakudonthezerani musagwire n'komwe cholembera. Funsani poyamba ngati chithunzi mutuluka nacho m'manja. Ndipo wina ngati akudziwa komwe munthu amakadandaula za zoterezi, andilembere pansipa, koma alembe zilembo zazikulu.

Mawa 8:40 ndikakhala pakhomo pawo, pansi penipeni pa mawu aja oti ULERE. Ndatenga buledi wanga ndi kampando. Aliyense wolowa ndimuonetsa mzungu wa magalasi ofiira ndi kumuuza mtengo womwe ndinamugulira.

Izi ndalemba foni itagunda pamphuno, ndipo zanditengera masiku awiri. Tiulusi tija tayamba kulumikizana pakona ya diso. Esinati wachira Lamlungu, mwana wamwamuna. Chithunzi anditumizira pa foni, chaulere, chopanda phukusi. Ndachikulitsa ndi zala mpaka pomwe chimathera. Ndikuona nsalu yachikasu yomwe amufunditsa, ndikuona kadzanja, koma pomwe payenera kukhala nkhope pali chibanga chakuda chomwe chimatsatira kulikonse ndayang'ana.

Akuti maso watengera ine. Bwana manejala, ndipatseni chithunzi changa, ndikatsimikize ndekha.