Satana Wokana Kugwa

Fungo la polishi wa nsapato za kusukulu limandibwezera kutchalitchi kwathu ku Chipangali, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Pa sewero la ana, akatekisiti anandisankha kukhala Satana, ati khalidwelo ndinali nalo kale. Anandipaka polishi kumaso, n'kundimangira nyanga za zitsononkho ndi luzi. Mpaka lero sindinaonenso Lamulungu lokoma ngati limenelo.

Ntchito yanga inali imodzi: mngelo akandikhudza ndi lupanga la katoni, ndigwe, kwaya iyimbe nyimbo ya chigonjetso pamaso pa wansembe wochokera ku Chipata. Mngeloyo anali msuweni wanga wamantha, atafunda neti ya udzudzu. Anandikhudza, ine osagwa. Ndinamulanda lupangalo n'kuyamba kumuthamangitsa kuzungulira guwa. A kwaya anangoti kukamwa yasa, nyimbo itawatsamwa.

"Igwa, iwe!" ananong'ona akatekisiti, thukuta lili kamukamu. "Malembo akuti unagonja!"

"Sanandimenye bwino, aphunzitsi!"

Mngelo anayamba kulira. Pamenepo amayi anga ananyamuka pabenchi ya azimayi, patapata ili m'manja. Sanathamange ayi, ankangobwera akumanga chitenje.

"Satana iwe, ugwa wekha kapena ndikuthandize?"

Ndinagwa chagada, nyanga imodzi n'kuthothoka. Ng'oma zinalira, nthungululu zinadzaza tchalitchi chonse, ndipo mngelo, mamina ali chuchuchu, anandiponda pachifuwa monyadira. Ndili gone pa simenti yozizirayo, diso limodzi lotsinzina, ndinatambasula dzanja pang'onopang'ono n'kumutsina pakatumba.