Chithunzi cha Khanda la Masiku Khumi

Mumsewu wathu, pakati pa shopu ya telala ndi ya wokonza mafoni, pali kachipinda kojambulira zithunzi. Mwini wake timawatchula a Musagwedezeke, chifukwa kwa zaka makumi atatu mawu amenewo ndiwo akhala moni wawo. Ndi bambo wamfupi, wadazi, wosaseka wamba. Maloya ngakhale abusa akakhala pampando wawo amauma gwa ngati ana a sukulu.

Ine ndinapita kwa iwo mwana wanga ali ndi masiku khumi. Amuna anga anali atatsogola kunja kwa dziko kukayamba ntchito ine ndili woyembekezera, ndipo tikiti yanga inali yoti ndinyamuke pakatha milungu itatu. Koma khanda nalo limafunika pasipoti yakeyake, ndipo ku ofesi anali atandibweza kawiri. Pachithunzi choyamba mwana anatsinzina. Pachiwiri panaoneka chala changa pakhosi pake. Kalaliki anandiuza mosapsatira kuti chithunzi chabwino chikapanda kufika tsiku limenelo, pasipoti idzatuluka ndege itapita. Ndinachoka pamenepo misozi ikulengeza.

"Akufuna maso otsegula, pakamwa potseka, dzanja la munthu lisaoneke," ndinawafotokozera a Musagwedezeke.

"Ndikudziwa, mayi. Mugonekeni apa."

Anayala nsalu yoyera pansi n'kukwera pampando, kamera ili m'manja. Mwana anali m'tulo tofa nato. Ndinamukanda kuphazi, ndinaomba m'manja, ndinagwedeza makiyi. Apongozi anga, omwe anandiperekeza, mpaka anayamba kuimba n'kumavina. Kamunthuko kanangoyasamula basi.

"Mwamaliza?" anafunsa a Musagwedezeke. "Ndiye khalani pansi nonse. Zimitsani nyali zikuluzikuluzo."

"Mujambula mumdima?" anadabwa apongozi.

"Inu munthu akakuunikani kumaso mutangodzuka mumatani? Uyu wakhala mumdima miyezi isanu ndi inayi, kuwala kukumuthobwa m'maso. Anga asanu ndinawajambula ndekha asanathe sabata, ndiye izi musandiphunzitse."

Anakoka katani n'kusiya kampata koti kuwala kuzilowa pang'ono. Kenako bambo wokalipira maloya uja anawerama, n'kuyamba kulankhula ndi timawu tofewa tomwe sindinkadziwa kuti ali nato.

"Pepani bwana, takusokonezani. Tikungopempha kamphindi kamodzi. Bambo anu akudikira uko."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Apongozi anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Tinadikira ndithu. Kenako diso limodzi linatseguka, linzake n'kutsatira. Mwana anawayang'anitsitsa a Musagwedezeke atakwinya chipumi, kamera n'kulira kamodzi kokha.

Ku ofesi ndinafika atatsala pang'ono kutseka. Kalaliki anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Abwanawa wawakwiyitsa ndani?" anafunsa akuseka, n'kudinda mapepala. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamunyamula.

Ndege tinakwera. Matewera khumi ndi awiri amene ndinalongedza, ndinagwiritsa atatu okha, chifukwa mwana anagona ulendo wonse. Pabwalo la ndege amuna anga anamulandira mwanayo. Kanali koyamba kumunyamula. Anamuitana, anamupsompsona, analira pagulu osachita manyazi, koma mwana osadzuka.

"Kodi maso ake ndi otani?" anandifunsa akupukuta misozi.

Ndinapisa m'chikwama n'kuwapatsa pasipoti.