Moyo wa a Chaka Chamawa

Patchalitchi pathu ankadziwika kuti a Chaka Chamawa, ndipo dzinalo linawapeza chifukwa cha maluwa.

Anabadwa wachisanu mwa ana asanu ndi awiri. Sukulu anailekeza panjira, n'kuyamba kukandira matope amisiri omanga. Anamanga nyumba za anthu zaka makumi anayi, iwo akukhala m'zipinda ziwiri ndi mkazi wawo ndi mwana mmodzi, wamkazi. Mpanda wa tchalitchi anaumanga osalandira kanthu. Misa sankaphonya. Kuimba ankakukonda, koma akwaya anawapempha mwaulemu kuti aziimbira mumtima.

Mkazi wawo atamwalira, anayamba kufesa maluwa kuseri kwa nyumba, aja achikasu onunkhira, okonda kumera m'ming'alu ya khoma. Mtunduwu sufulumira: ukafesa chaka chino umangopereka masamba, duwa limabwera chaka chinacho. Njere ankazifesa m'mabeseni obowoka, n'kuwaza dothi pang'ono. Mbande zikafika ngati chala ankaziwokera, n'kuzitsina nsonga kuti zichite nthambi. Amayi okongoletsa guwa atabwera kudzapempha maluwa, anauzidwa kuti abwerenso chaka chamawa. Mmodzi anati masamba otere kwawo amaphika. Chaka chamawacho chitafika, guwa linanunkhira, ndipo kwa zaka khumi ndi zitatu silinasowe duwa, poti mkuluyu ankafesa chaka chilichonse.

Kenako chifuwa chinawagoneka m'chipatala nyengo yonse yofesa, ndipo chaka chotsatira kuseri kunalibe duwa. Chaka chomwecho, atapitanso kuchipatala, adokotala anauza mwana wa mkuluyu, iwo akumva, kuti miyezi yatsala yochepa. Atafika kunyumba, mkuluyu anaitanitsa mabeseni.

"Bambo, mukufesera ndani? Adokotala mwawamva."

"Ndawamva. Nanga nyumba zonse ndinamanga zija, ndagonamo zingati? Tandipatsa madzi."

Mwanayo anawapatsa. Tsiku ndi tsiku ankawanyamulira mpando panja, iwo n'kumamulozera potsina. Iye ankatsina, osamva chisoni kapena mkwiyo, ngati akutsuka mbale za eni.

Anamwalira m'mawa wina atalandira mafuta a odwala, ali pampando pomwepo, manja ali ndi dothi. Pa Misa ya maliro panaikidwa maluwa apulasitiki. Kuseri kunali masamba okhaokha.

Mwanayo sanalire, ndipo anthu anazikamba. Azakhali ake anamuuza kuti azule zonsezo, adzale zodyedwa. Anavomera, koma sanazule. Ankaweruka kuntchito, kuthirira, n'kukagona. Atafunsidwa ngati amapemphera, anayankha kuti amathirira.

Mwezi watha maluwa aja anamasula. Mwanayo anawadula, n'kuwapereka kwa amayi a guwa mu limodzi la mabeseni aja, nkhope ili phee. Ndi maluwa amene munawaona paguwa Lamulungu lapitali. Mayi wina, amene anamuthandiza kunyamula, anaona mzere umodzi wosadulidwa pafupi ndi khoma, n'kumuuza kuti waiwala.

"Sindinaiwale," anatero. "Amenewo ndi a njere."