Mphini za agogo pamasikirini awiri

Kashopu kanga ka ku Limbuli n'kopanikiza, ukatembenuka umagunda makina a fotokope. Komabe pathebulo ndinaikapo masikirini awiri a kompyuta mogundizana, kuti kwina ndizikonzera zithunzi za makasitomala, kwina ndizilemba. Chithunzi chokongoletsa kumbuyo chomwe chimabwera ndi kompyuta, cha udzu wa kudziko lomwe sindinapondeko, sindichifuna. Kwa nthawi yaitali ndinkaikapo phiri la Mulanje, lotambasuka kuchokera sikirini ya kumanzere mpaka ya kumanja. Phiri silivuta, ngakhale ulidule pakati silidandaula.

Tsiku lina bambo anandibweretsera kachithunzi ka mayi awo. Agogowo sindinawaone, anamwalira ndisanabadwe, patangopita nthawi pang'ono banja litawoloka mtsinje wa Muloza pothawa nkhondo ya ku Mozambique. Chithunzi chawo n'chokhachi, ndipo chinali chitadyedwa ndi chinyontho m'mphepete. Bambo maso ayamba kuwavuta, ndiye ankafuna ndichikulitse kuti azidzawaona mayi awo akamadutsa pashopu.

Ndinachilowetsa m'kompyuta n'kuchitambasula pamasikirini onse awiri monga ndinkachitira ndi phiri. Zinakanika. Mphuno ya agogo inagwera pomwe mapulasitiki a m'mbali mwa masikirini amakumana, diso lina uku lina uko, pakamwa pokhota chifukwa sikirini ina ndi yaitaliko. Ndinaseka ndekhandekha, kenako ndinachita manyazi.

Nkhani inakula atabwera azakhali, mlongo wawo wamng'ono wa bambo, amene amagulitsa nthochi pamsika. Atasuzumira anaona mizere yakuda m'masaya mwa agogo, mphini zomwe amayi achilomwe ankatemedwa kale kuti akongole.

"Ufufute zimenezo," anatero azakhali. "Si umafufuta ziphuphu za atsikana obwera muno? Ifetu kusukulu tinanyozedwa nazo mokwanira. Ankatinena kuti ana a mayi olembedwa kumaso."

Bambo nditawauza anangoti, "Ukafufuta, amenewo akhala mayi a munthu wina."

Kuyambira pamenepo awiriwa moni ankapatsana wa pakamwa chabe. Zinandiwawa, chifukwa kuno alibe m'bale wina, ndipo chowayambanitsa chinali m'manja mwanga. Ndinaganiza zongobweza kachithunziko, koma mtima unakana.

Ndiye ndinapanga zithunzi ziwiri, chilichonse chodulidwa molingana ndi sikirini yake. Poti chithunzicho n'choimirira pomwe sikirini ndi yopingasa, ndinawonjezera khoma la kumbuyo kwa agogo mbali zonse kuti nkhope isatambasuke. Cha kumanzere ndinasalaza masaya bwinobwino. Cha kumanja ndinangochotsa madontho a chinyontho, mphini ndinazisiya. Ntchito yosiyanitsa mphini ndi zokalika za pepala inandidyera masana onse, ndipo m'pamene ndinaona kuti wotemayo anali ndi dzanja labwino, mizere yake inali yofanana tsaya ili ndi ilo. Ndisaname, chosalazacho chinakongola. Chinkaoneka ngati mayi wa pakalendala, ndipo pochiyang'ana sindinkamva chilichonse.

Azakhali anabwera msika ukuphwasuka, n'kutula dengu pakhomo. Anayang'ana cha kumanzere, anagwedeza mutu nati, "Eya, chonchi." Ndinkayesa anyamula dengu azipita, koma anakhalabe chiimire. Pang'onopang'ono anasendera kumanja, n'kuwerama mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi. Anakweza chala chodetsedwa ndi utomoni wa nthochi n'kuyamba kutsata mzere wa patsaya, kuchokera pansi pa diso kutsikira kuchibwano. 

"Amayi akandibereka kumbuyo ndinkapisa dzanja kutsogolo kumasisita izi," anatero osandiyang'ana. "Ndinkagona nditazigwira."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, kenako analoza sikirini ya kumanzere.

"Awo sindiwadziwa, achotse. Ukawauze bambo ako abwere adzaone amayi."