Ndinawamenya Apongozi pa Gemu, Ndipo Sindipepesa

Lamlungu lapitali ndinawamenya apongozi anga aamuna. Musathamangire kupolisi, inali gemu ya pa TV, ija ya anthu awiri oponyerana zibakera ndi mateche mpaka mmodzi agwe. Komabe ndinawamenya ndithu, m'nyumba mwawo ku Chelstone, ana awo akuona. Mpaka lero mkazi wanga akundiyankha mawu amodziamodzi. Akufuna ndikapepese. Ine ndakana, ndipo ndikufuna mumve mbali yanga.

Apongozi angawa ndi Abemba a ku Luapula. Moyo wawo wonse anali woyendetsa mabasi a maulendo ataliatali, kunyamukira pa siteshoni ya mabasi ya Intercity. Chaka chatha anadwala sitiroko. Mulungu ndi wabwino, anadzuka, akuyenda, akulankhula, koma dzanja lamanja linatsalira m'mbuyo. Chala chachikulu chimachedwa kumva zimene mutu wanena. Achipatala anawapatsa tsiku lawo sabata iliyonse lokalimbitsa dzanjalo, ndipo anati kunyumba azichitanso chilichonse choyendetsa zala. Ndiye mlamu wanga Chanda, mwana wawo woyamba, anabweretsa makina a gemu n'kuwalumikiza pa TV. Nzeru imeneyo inali yabwino, sinditsutsa.

Chinalakwika ndi ichi: aliyense wogwira padi, kachipangizo ka mabatani koseweretsera kaja, amawasiyira dala kuti awine.

Chanda si munthu woti angaluze gemu yankhonya. Unyamata wake wonse unathera m'timashopu ta magemu ta ku Kabwata. Koma akakhala pansi ndi bambo ake, munthu wake pa TV amayenda yekha kukalandira theche, osatchinga, osalumpha. Kenako iye amagwira kumutu n'kunena kuti, "Awe ba tata, mwanipaya futi." Mkazi wanga nayenso chimodzimodzi, azing'ono ake chimodzimodzi. Mdalayo anaphunzira theche limodzi lokha, lija lomenya m'miyendo, ndipo ndi theche limenelo wakhala akugwetsa banja lonse kwa miyezi.

Ine sindinkasewera nawo. Mukudziwa malo a mkamwini: mpando wapafupi ndi chitseko, manja pamaondo, kuseka ena akaseka. Ndinkangoonerera, n'kumati si zanga.

Tsono Lamlungu lija, titabwera kutchalitchi n'kudya, apongozi anatsokomola kuti tonse timve.

"Manje namvela bwino," anatero. "Ku chipatala siniyendako futi, bangonitayila nthawi. Loweluka nizayenda ku Ndola kuona ba mkulu banga. Nizayendetsa neka motoka."

Anakweza dzanja lodwalalo m'mwamba kuti likhale mboni.

"Olo Chanda, mnyamata, sanganikwanitse pa gemu. Dzanja yodwala ingamenye bwanji nyumba yonse?"

Tonse tinali titawaona akunyamula kapu ndi dzanja lamanzere. Tonse timadziwa kuti mabatani a malaya amawamangira ndi akazi awo. Tonsenso timaudziwa msewu wa ku Ndola ndi malole ake. Chanda anayamba kufufuza chinachake mufoni. Mkazi wanga anayang'ana m'mbale. Palibe amene akanatha kunena kuti, "Atate, dzanja silinachire," pakuti ndi iwo omwe anakhala akuwauza tsiku ndi tsiku kuti lachira.

Apongozi anatembenukira kwa ine.

"Ba shi Mwila, imwe simunayesepo. Tengani padi, tione ngati odya mbewa badziwa nkhonya."

Ba shi Mwila ndine, bambo ake a Mwila. Za mbewazo ndi chimbuya, chibale chonyozana mwanthabwala cha mitundu yathu iwiri, pakuti kwathu ndi ku Chipata, ndipo Mbemba sangadutse munthu wa kummawa osamutola. Ndikudzuka, mkazi wanga anandikoka malaya n'kunong'ona: "Muluze, mwamvela? Muluze chabe."

Ndinagwada, ndinalandira padi ndi manja awiri monga ndinaphunzitsidwira. Koma mumtima ndinaona chinthu chimodzi chokha. Ine ndinali munthu womaliza m'banjamo amene anali asanamugwetse. Ndikanaluza, ndiye kuti makiyi a galimoto ndawapatsa ndi dzanja langa.

Musaganize kuti ndine katswiri. Amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti mtima wanga uli ku magemu a nkhani, aja omwe umayenda ndi munthu mmodzi mtunda wautali, kusankha zoyankha, kumukwiyira, kumulirira. Pa zankhonya ndine wapakatikati. Ndinangochita chimene aliyense amachita akaona theche lapansi: ndinanjuta n'kutchinga. Theche linabwera, linagunda pachabe. Linabweranso, chimodzimodzi. Kuti andipeze, apongozi anayenera kusintha, chala chidumphe kuchoka pa batani lapansi kupita pa lapamwamba ine ndisanadzuke. Ndinachiona chalacho ndi maso anga. Chinanyamuka, chinaima m'malere, chinatera mochedwa, pa batani lolakwika. Mzere wa moyo wa munthu wawo unatha, wanga uli wodzaza.

"Tibwezepo," anatero.

Tinabwereza. Zinatha momwemo.

Sindinaseke. Apongozi anaika padi patebulo n'kuyang'ana chala chawo nthawi yaitali. Kenako anafunsa mwana wawo ndi mawu apansipansi.

"Chanda, iwe ukamasewela na ine, siutchinga chifukwa chani?"

Mdalayo anadzuka n'kulowa kuchipinda, osatsanzika. Ndinawamvera chisoni kwambiri.

M'galimoto pobwerera ku Kabwata, mkazi wanga anandipatsa zanga.

"Mwabachititsa manyazi ba tata pamaso pa bana bawo. Ni ulemu wa kuti uwo? Inali gemu chabe."

Ndinati gemu inali gemu, koma za Loweruka sizinali gemu. Anayang'ana pazenera mpaka tinafika.

Tsono ndiloleni ndinene za magemuwa, pakuti anthu amangowaika m'thumba limodzi. Gemu ya nkhani ndi yaulemu. Isanayambe imakufunsa: ukufuna yovuta kapena yosavuta? Ukasankha yosavuta, adani amakudikirira uwamenye, ukafa imakudzutsa pomwe unagwera, ndipo pomaliza anthu a m'nkhanimo amakuthokoza kuti wapulumutsa dziko. Ine sindiona vuto pamenepo. Wasankha wekha, ukudziwa chimene wasankha, ndipo chimene wabwerera ndi nkhaniyo. Gemu ya nkhani yabwino ndimaiyesa ndi funso limodzi: nditazimitsa TV, anthu ake akundivutitsabe m'mutu?

Gemu yankhonya ilibe zimenezo. Nkhani yake kawirikawiri imakhala ya ziii, ndipo palibe amene amaigulira nkhani. Ubwino wake ndi umodzi: anthu awiri, mapadi ofanana, mabatani ofanana. Sifunsa zaka zako, sifunsa kuti unaphunzira mpaka pati, sidziwa kuti uyu ndi mpongozi, uyu ndi mkamwini. Ukachedwa, imakuuza pompo kuti wachedwa. Ukachotsapo chilungamo chimenecho, chatsala n'chiyani? Zidole ziwiri zikugwedezeka pa galasi.

Zimene abale anga anachita ndiye kuwasankhira apongozi yosavuta iwo osadziwa. Anatenga chinthu chokhacho m'nyumbamo chimene chikanawauza zoona za dzanja lawo, n'kuchiphunzitsa bodza. Anachita ndi chikondi, inde. Koma chikondi chimenecho chinatsala pang'ono kuwaika pa chiwongolero pakati pa malole.

Ndipo musamuloze chala Chanda, pakuti khalidweli ndi lathu tonse. Tili ndi ulemu wina umene umangoteteza ife eni. Mu kwaya muli mayi wamkulu amene mawu anawathawa kale, aliyense amadziwa, koma pamaso pawo timati, "Mwaimba, ba mayo." Kenako woyang'anira zokuzira mawu amawatsitsira maikolofoni mwakachetechete. Ku ofesi bwana akabweretsa nzeru yopanda mutu, tonse timagwedeza mitu, zoona zake timakanenera kokwerera minibasi. Kodi pamenepo tikulemekeza ndani? Tikungothawa mphindi zowawa zija, zoti munthu wamkulu atiyang'ane ndi diso lofiira.

Choipitsitsa n'chakuti munthu amene mukumusiyirayo amakhala yekhayekha. Nonse mukudziwa chinthu chimodzi chokhudza thupi lake, iye yekha ndiye sakuchidziwa. Mumatsinzinirana maso kumbuyo kwake. Mwamuchotsa m'gulu la akuluakulu n'kumuika m'gulu la ana, uku mukumugwadira. Bambo amene anayendetsa anthu odzaza basi kudutsa mvula ya ku Serenje, lero tikumusewera ngati mwana wa ku mkaka?

Wina anena kuti, "Nanga sukanawauza bwinobwino pambali?" Funso labwino. Koma taganizani. Mkamwini ayitane apongozi pambali, awauze kuti dzanja lanu silinachire ndipo ana anu onse akhala akukunamizani. Akanandimvera? Akanati mwana wa ku Chipata wayamba mwano, ndipo akanakhala ndi umboni wa miyezi yonse ija wonditsutsa nawo. Ine sindinanene liwu ngakhale limodzi. Anadzionera okha pa chala chawo, ndipo funso kwa Chanda anafunsa okha.

Sindikunena kuti tiyambe kuchita chipongwe ndi akuluakulu. Pali anyamata ena amene amati kunena zoona ndiye kulalata, amenewo si anzanga. Ndinagwada polandira padi, ndinagwadanso poibweza. Ndiponso pali nthawi yosiyira. Mwana wanga Mwila ali wamng'ono ndinkamusiyira, chifukwa ndinkafuna aikonde gemuyo, ndipo panalibe chimene akanapita kukachita ndi kuwinako kupatula kuvina pakhonde. Koma munthu akayamba kumanga zochita zenizeni pa kuwina kwabodza, akasiya chipatala, akapempha makiyi, kusiyirako kwasanduka kumukankhira kudzenje. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Sananene kuti kutsinako sikuwawa.

Lolemba ndi Lachiwiri ku Chelstone kunali chete. Mkazi wanga anaimba foni, mayi ake anati mdala sakufuna kuona TV, angokhala panja. Ndinada nkhawa, sindibisa. Ndinayamba kuopa kuti mwina ndawathyola mtima, asiya gemu, asiyanso chipatala, n'kupitabe ku Ndola pofuna kutionetsa.

Lachitatu masana foni yanga inalira. Anali iwo. Chikwatire mwana wawo, anali asanandiimbirepo okha, uthenga umadzera kwa mkazi wanga.

"Ba shi Mwila, mailo ni tsiku ya chipatala. Mubwele munitenge."

Anadula ndisanayankhe.

M'mawa mwake ndinawapeza atavala kale, atakhala pakhonde. Galimoto yawo inali pamalo pake, yofundidwa nsalu. Anakwera kutsogolo, ndipo msewu wonse sanandiyang'ane. Anangondidzudzula kamodzi kuti ndikusintha magiya mochedwa. Tili pafupi kufika, ananena akuyang'ana kutsogolo kuti awauza kale akulu awo a ku Ndola kuti apitako pa basi.

Nditaimika pa geti la chipatala, anagwira chitseko ndi dzanja lamanja. Chinawavuta. Ndinafuna kuwatsegulira, koma ndinadzigwira. Anayesanso, chinatseguka. Asanatsike anatembenuka.

"Sininakukhululukileni," anatero.

"Ndamva, atate."

"Koma pa Sondo mubwele, musewele chimodzimodzi. Tsiku nizakumenyani, nifuna nikadziwe kuti nine nakumenyani."

Anatsika n'kulowa okha, osacheuka.

Inu kwanuko, ndani amene nonse mwagwirizana kuti muzimusiyira? Ndipo tsiku limene adzapemphe makiyi, adzamuuze ndani?