Oilo wa pa Mitengo ya Chigafa

Fungo la oilo wopserera pagalaja limandikumbutsa pikapu ya bambo anga ku Kaomba. Inkamwa oilo ngati madzi, utsi wabuluu uli tolotolo kumbuyo. Makaniko atayang'ana pulagi yonyowa, yakuda bii, anati, "Maring'i a mu injini atha, akulu. Muzingothirira mpaka mudzagulitse fodya."

Tsiku lokatenga feteleza wa makuponi, injini inayamba kugogoda tisanafike pa Boma. Bambo anaimitsa galimoto.

"Mwanawe, tandipatsa chigubu cha oilo."

Chinali chopepuka. Dzulo lake ndinali nditapaka oiloyo mitengo ya chigafa cha fodya kuti chiswe chisadye, poyesa kuti ngwakale. Bambo anachigwedeza, osandikalipira n'komwe. Ngolo zodzaza matumba zinkatidutsa, mwini ngolo wina anafuula kuti feteleza watsala pang'ono kutha. Bambo anangozondotsa chigubucho pa injini, tonse tikudikira dontho lachiwiri.