Maluwa a Ukwati Wanga Anapita ndi Maliro

Maluwa a ukwati wanga anakwiriridwa m'manda kutatsala tsiku limodzi kuti ndiwanyamule. Anthu akamva amaseka, koma ine mpaka lero mtima umandiwawabe.

Ndinkafuna maluwa enieni, ogula ku Tete, oyera mbee ngati a m'zithunzi. Chifukwa chake chinali apongozi anga aakazi. Mayiwa anakhala ku Zambia nthawi ya nkhondo, ndipo anabwerako ndi maso oyeza munthu kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Anali atanena kale kuchitsime kuti mwana wawo watola mkazi kwa anthu osadziwa kanthu. Tsono ine ndinkapita chitengwa, kukakhala pakhomo pawo penipeni. Ndinkadziwa kuti akandinyoza tsiku loyamba, ndidzanyozeka mpaka imvi.

Tsoka ilo, za ukwati ankayendetsa ndi azakhali anga ochokera ku Malowera, munthu wouma manja kuposa wina aliyense amene ndinamuonapo.

"Maluwa a ku Tete? Pa shapa, minibasi zathu zija, akafika kuno atauma ngati fodya," anatero. "Metikali yanga sindingatayire udzu, mwana iwe. Akukapela alipo."

Kukapela kwathu, katchalitchi kakang'ono kufupi ndi Fingoe, kunali mtolo umodzi wa maluwa apulasitiki. Mkwatibwi aliyense ankanyamula omwewo. Kukagwa maliro ankawaikanso pabokosi, ndipo bokosi likamatsika, mayi wina wa mumpingo ankawachotsa msanga n'kukawatsuka ndi sopo. Palibe amene ankaonapo chachilendo. Ndinalira, ndinanyanyala chakudya, kenaka ndinavomera.

Lachisanu kunali maliro a mkulu wina wa mudzi woyandikana nafe. Mayi wochotsa maluwa uja anali mbale wa malemuyo, ndiye analira mpaka kuiwala ntchito yake. Adzukulu nawo sanafunse, anangokwirira zonse.

Nkhani inatipeza Loweruka m'mawa ndikuvala diresi. Azakhali anayamba afunsa ngati dzenjelo linali lakuya kwambiri. Amalume anawayang'ana diso loipa mpaka anasiya. Kenaka azakhaliwo anatuluka ndi lichero osatsanzika, n'kubwera nalo lodzaza chiluwe, maluwa achikasu a maungu amene timaphika ndiwo. Anawamanga ndi luzi, kumunsi n'kukulunga kansalu koyera.

"Onani, aulere, ndiponso onunkhira," anatero monyada.

Kunena zoona, m'mawamo anali okongola ndithu. Koma chiluwe chimafota dzuwa likakwera, ndipo a padiri, ansembe odzadalitsa ukwatiwo, anachedwa chifukwa mota yawo inaphulika tayala panjira. Pomwe ankafika n'kuti ndagwira zinthu zolendewera ngati makutu a mbuzi, njuchi zikundizungulira. Amayi a kwaya ankaimba maso ali m'manja mwanga, ndipo wina ananong'ona momveka kuti pangotsala nsinjiro. Mwamuna wanga ankagwedezeka mapewa ndi phwete. Ndinamuponda chala ndi chidendene cha nsapato, ndipo sindinapepesepo.

Potuluka tinapeza apongozi ataima pakhomo pa kapela. Anandilanda mtolowo, anautembenuza, anaununkhiza.

"Mwathyola kuti zimenezi?"

"Kumtsinje uko, padimba la mpanda waminga," anayankha azakhali mopanda mantha. "Panalibe mwini wake."

"Mwini wake ndine."

Manyazi amene ndinamva pamenepo sindingawafunire ngakhale mdani wanga. Ndinali nditalowa m'banja la eni nditanyamula ndiwo zawo zakuba, pamaso pa mpingo wonse, a padiri atazidalitsa ndi madzi oyera.

Apongozi anandibwezera mtolowo m'manja.

"Ndiwo zanga sizitayidwa. Mukaphike."

Choncho anthu akuvina pabwalo, mkwatibwi ndinali kuseri kwa nyumba, diresi nditalikwinyira m'chitenje, ndikusinja mtedza. Misozi inkatsika, ina ya utsi, ina yangayanga. Azakhali anasuzumira kamodzi kudzandiuza kuti ndisachulutse tomato, ngwodula.

Apongozi anadya okha pamphasa, ine nditagwada chapatali kudikira chiweruzo. Anamaliza mbale yonse, anaipukuta ndi chala, anasamba m'manja mosafulumira.

"Mchere wachepa," anatero. "Komanso chiluwe sathyola ngati anyani, mpaka kuzula mpesa womwe. Mawa mulawirire, mwananga, ndikakulozereni malire a dimba lanu."